Funsani Malume: Dzina Lomwe Python Inatcha Yokha, Lero Ikulikana

Mwezi uno mwandilembera anthu anayi osadziwana, koma dandaulo lanu likukhudza chinthu chimodzi: mayina a ma module, zida zokonzedwa kale zomwe pulogalamu imaitana, m'chiyankhulo cholembera mapulogalamu cha Python. Ndaika makalatawo pamodzi. Ena ndawadula pang'ono kuti akwane.

FUNSO: Malume, ndili m'chaka chachiwiri ku koleji, ndipo patchuthi chino ndapeza kaganyu pa ofesi ina kuno. Andipatsa pulogalamu yakale ya Python yowerengera katundu wa m'sitolo kuti ndiisamutsire pa kompyuta yatsopano. Ndikangoiyendetsa ikuima pa mzere wachitatu n'kulemba kuti ModuleNotFoundError: No module named 'ConfigParser'. Ndayesa pip install, lamulo lokopera ma module pa intaneti, koma palibe chasintha. Amene anailemba anachoka kalekale. Kodi Python yanga ndi yoperewera? Wophunzira, Zomba

YANKHO: Mphwanga, Python yakoyo ndi yathunthu. Chomwe ukusakacho chilimo, changosintha dzina. Pa mzere wachitatuwo, pomwe palembedwa import ConfigParser, ulembe import configparser, zilembo zonse zazing'ono. Kenako ufufuze m'fayilo monse pomwe pali ConfigParser.ConfigParser, usinthe liwu loyamba lokha. Lachiwirilo ndi dzina la class, chikombole choumbira zinthu chomwe chili m'kati mwa module, ndipo lidakali ndi zilembo zake zazikulu. Ukapeza SafeConfigParser, ulembe ConfigParser basi, chifukwa dzina limenelo linachotsedwa mu Python 3.12.

Koma usayambe kuvina. Uthengawo ukutanthauza kuti pulogalamu yonseyo inalembedwera Python 2, ndiye ukachotsa munga uwu uponda wina. Queue tsopano ndi queue, Tkinter ndi tkinter, SocketServer ndi socketserver, httplib ndi http.client. Za urllib2 ndi urlparse zinalowa m'nyumba imodzi ya urllib, pomwe muli urllib.request, urllib.parse ndi urllib.error. StringIO ukaipeza mu io. Za cPickle, yomwe inali pickle yothamanga yosungira zinthu m'fayilo, iwala, ungoitana pickle, ndipo Python isankha yokha njira yothamanga ija.

Ndikuuze gwero lake, chifukwa ukalidziwa sudzavutika n'kuloweza. Python imabwera ndi nkhokwe yakeyake ya zida, yomwe amaitcha standard library: ma module owerengera mafayilo, olankhula ndi intaneti, owerengera masiku, ndi ena ambirimbiri omwe umangoitana ndi import osakopera kwina. Nkhokweyi sinamangidwe tsiku limodzi. Guido van Rossum wa ku Netherlands anatulutsa Python mu 1991, ndipo kuyambira pamenepo aliyense wobweretsa module ankaitcha momwe zamukomera. Uyu akuti Queue, uyo copy_reg, winayo BaseHTTPServer. Lamulo la katchulidwe linabwera mu 2001, m'chikalata cha PEP 8 chomwe Guido analemba ndi Barry Warsaw. Monga chilili lero, chimati dzina la module likhale lalifupi, la zilembo zazing'ono zokhazokha, ndipo la class liyambe ndi chilembo chachikulu. Apo n'kuti zaka khumi zitadutsa, mudzi utamangidwa kale, khomo lililonse likuyang'ana kwake.

Lamulolo silinali la kukongoletsa chabe. Kale module inali Queue, class yam'katimo inalinso Queue, ndiye ukaona liwulo pakati pa khodi ya munthu wina umayenera kukwera pamwamba pa fayilo kukaona kuti anaitana chiti. Komanso module nthawi zambiri imakhala fayilo, ndipo Windows ndi Mac, momwe zimabwerera, sizisiyanitsa Queue.py ndi queue.py pomwe Linux imasiyanitsa. Onse akagwirizana kuti zilembo zikhale zazing'ono, mkangano umenewo sukhalapo.

Mpata wosesa unapezeka pa Python 3.0, yomwe inatuluka pa 3 Disembala 2008. Popeza anali atavomereza kale kuti mapulogalamu akale sadzayenda osakonzedwa, anati bwanji tikonzeretu mayina. Ndondomeko yake ili mu PEP 3108 ya Brett Cannon. Walira mvula walira matope: anthu sanasamuke monga momwe ankayembekezera. Python 2.7 ya mu 2010 inayenera kupuma mu 2015, koma mu 2014 anaiwonjezera zaka zina zisanu mpaka pa 1 Januwale 2020, ndipo yomaliza, 2.7.18, inatuluka mu Epulo chaka chomwecho. Sindikunena kuti mayina okha ndiwo anachedwetsa anthu. Chachikulu chinali kusiyanitsa malemba ndi ma byte, timanambala tomwe kompyuta imasungiramo zinthu. Koma mayina ndiwo ankakuchingamira pakhomo, pa mzere woyamba weniweni. Kwa zaka zoposa khumi tinkalemba ma import awiriawiri, kuyesa dzina latsopano, likakana n'kugwira lakale, mpaka ambiri tinangodalira kachida ka Benjamin Peterson kotchedwa six, komwe mbali ina ya ntchito yake inali kungolozera dzina lakale ndi latsopano pamalo amodzi.

Tsono mvetsera bwino apa, poti pulogalamu yako ndi yowerengera katundu. Mu 2019 ndinagwira ntchito ngati yakoyi pa sitolo ina yogulitsa mopikulitsa ku Limbe. Ndinayendetsa 2to3, chida chomwe chinkasintha mayina akale chokha, ndipo pulogalamu inayenda bwinobwino popanda kudandaula. Ndinapita kunyumba ndikudzitama mumtima. M'mawa mwake foni inalira ndisanamwe n'komwe tiyi. Anali mayi woyang'anira nyumba yosungiramo katundu, ndipo anandifunsa mwaulemu kwambiri ngati katoni ya sopo tiziidula ndi mpeni, chifukwa pepala lomwe latuluka likuti galimoto inyamule makatoni 3.5. Mu Python 2, ukagawa 7 ndi 2 pogwiritsa ntchito kamzere kopendama kamodzi umapeza 3. Mu Python 3 umapeza 3.5, ndipo wofuna 3 ayenera kulemba timizere tiwiri. Chida chija sichikhudza zimenezi, chifukwa sichingadziwe chomwe wolembayo ankafuna. Dzina lolakwika limakuwa, pulogalamu n'kuima. Kugawa kolakwika kumayenda mwakachetechete mpaka pa lisiti.

Choncho ufufuze paliponse pomwe pali kugawa, ndiponso pomwe pulogalamu ikutsegula mafayilo. Usanaipereke, tenga katundu wa mwezi umodzi wapitawo, uyendetse pa kompyuta yakale ndi yatsopano, uyerekeze manambala mzere ndi mzere. Chida cha 2to3 chinachotsedwa mu Python 3.13, ndiye ukachifuna uchipeza mu 3.12 kapena zam'mbuyo mwake.

FUNSO: Bambo, kuntchito mkulu wathu amandibwezera khodi ndikalemba dzina ngati werengaMalipiro. Amati PEP 8 imafuna werenga_malipiro. Sindikutsutsa. Koma mu Python momwemo muli logging.getLogger, setLevel, assertEqual ndi setUp. Eni akewo akuphwanya lamulo lawo lomwe. Bwanji sakonza zonse kamodzi kuti tonse tipume? Mayi wolemba mapulogalamu, Lilongwe

YANKHO: Mayi, mwaona bwino, ndipo mukadapitiriza kufufuza mukadapeza zambiri. Mu collections muli OrderedDict ndi Counter, pambali pake pali defaultdict ndi deque, zonse zili ma class. Pali datetime.datetime, pomwe module ndi class zikugawana dzina limodzi monga zinalili ndi Queue uja. Ngakhale PEP 8 imavomera poyera kuti mayina a m'nkhokwemo ndi osokonekera ndipo sadzafanana onse.

Mayina a linunda pakatiwa ali ndi kwawo. Module ya unittest inalowa mu Python 2.1 mu Epulo 2001, PEP 8 isanalembedwe. Steve Purcell anaitengera ku JUnit ya Kent Beck ndi Erich Gamma, ya chiyankhulo china cholembera mapulogalamu chotchedwa Java, ndipo ku Java ndi momwe amatchulira. Ya logging inalowa mu 2.3 mu 2003, yolembedwa ndi Vinay Sajip, ndipo inatengera zambiri ku log4j, yomwenso ndi ya ku Java. Ndi akamwini amenewa, anabwera ndi kalankhulidwe ka kwawo.

Nanga bwanji sawakonza? Ine ndimaliona chonchi. Dzina limakhala la wotcha tsiku loyamba lokha. Likangotuluka, eni ake ndi amene amaliitana. Celtel inasanduka Zain mu 2008, kenako Airtel mu 2010, koma panapita nthawi yaitali anthu akufunsabe mayunitsi a Celtel pa okala, ndipo wogulitsa ankangowapatsa osafunsa kawiri. Munthu amamva chomwe ukutanthauza. Kompyuta ilibe chisoni chotero: chilembo chimodzi chikasiyana, yaima. Ndipo getLogger ili pamwamba pa mafayilo osawerengeka padziko lonse, ambiri mwa iwo olemba ake anasintha ntchito, ena anatisiya. Tsiku lomwe dzinalo lingachotsedwe, wolipira si amene wasankha kulichotsa, koma mwana wa ku Zomba uja amene wangopatsidwa pulogalamu ya munthu wina. N'chifukwa chake PEP 8 yomweyo imalangiza kuti musathyole mapulogalamu a anthu pongofuna kutsata PEP 8.

Mwina munganene kuti aike mayina onse awiri, lakale ndi latsopano. Anayesapo. Mu threading, kuyambira Python 2.6, muli current_thread pambali pa currentThread. Mayina awiriwa anakhalira limodzi zaka zoposa khumi, lakalelo n'kudzayamba kuchenjeza mu 3.10. Nthawi yonseyo wophunzira ankakumana ndi onse awiri n'kumadabwa ngati amachita zosiyana, ndipo osamalira Python ankayenera kulemba ndi kuyesa zonse. Mitala imeneyi ilinso ndi mtengo wake.

Kuchotsa dzina lachiwirilo ndiye ntchito ina. Mu unittest munali assertEquals, mapasa a assertEqual, ndipo linkachenjeza kuyambira 3.2 ya mu 2011. Pokonza 3.11 analichotsa, koma anthu oyesa Python isanatuluke anapeza kuti mapulogalamu ambiri akugwa. Analibwezeretsa, n'kudzalichotsa mu 3.12 mu Okutobala 2023. Zaka 12 kuti kachilembo ka s kamodzi kachoke! Mayina ngati Mapping ndi Iterable anasamukira ku collections.abc mu 3.3, mu 2012, koma khomo lakale linatsekedwa mu 3.10, mu 2021. Penanso anachita kubwerera m'mbuyo: ka u kolembedwa kutsogolo kwa malemba kanachotsedwa mu 3.0, n'kubwezeretsedwa mu 3.3 ngakhale sikachita kalikonse, pongofuna kuti khodi imodzi iziyenda mu Python 2 ndi 3 yomwe.

Mukakhala ndi mpata, tsegulani foda ya Lib pomwe Python yanu inakhazikitsidwa, mupeze fayilo ya _compat_pickle.py. Ine ndinaipeza mwangozi ndipo ndinakhala nayo nthawi yaitali ndikuiwerenga ngati kaundula wa maliro. M'menemo muli mndandanda wa mayina akale aja, Queue, ConfigParser, copy_reg, __builtin__, lililonse ndi dzina lake latsopano pambali. Chifukwa chake n'chakuti pickle ikamasunga chinthu m'fayilo imalembamo dzina la module komwe chinthucho chinachokera. Mafayilo omwe anthu anasunga mu Python 2 adakali ndi mayina akalewo m'mimba mwake, ndiye Python ya lero iyenera kuwakumbukirabe kuti iwatsegule. Anasintha mayina mu 2008, koma mpaka lero akuwanyamulabe kumsana.

Mukandifunsa ine, getLogger aisiye momwemo. Sinapwetekepo munthu. Ngakhale kusesa kwa mu 2008, mbali ina ndimaiyamikira, monga kuika zonse za http m'nyumba imodzi, koma kusintha Tkinter kukhala tkinter sindinaonepo amene kunamupulumutsa.

Za kuntchito kwanuko, mkulu wanu akunena zoona: zanu zatsopano lembani werenga_malipiro. Koma pomwe mukulumikiza ndi za eni, tsatirani za eni. Mukalemba set_up m'malo mwa setUp mu class ya TestCase pofuna kukondweretsa PEP 8, Python sidandaula n'komwe, imangodutsa osaiitana, inu n'kumadabwa kuti mayeso anu akugweranji.

FUNSO: Malume, ndikuphunzira ndekha Python pa laputopu ya achimwene anga. Ndinalemba kamasewera kolosera nambala, ndinakasunga ngati random.py. Kakukana, akuti module ya random ilibe randint. Koma m'buku muli randint. Mnyamata wa Fomu 3, Mzuzu

YANKHO: Mphwanga, buku silikunama. Walanda dzina la mwini. Ukalemba import random, Python imayamba kuyang'ana mu foda momwe muli pulogalamu yakoyo isanapite ku nkhokwe yake. Yapeza random.py yako, yaganiza kuti ndi yomweyo, ndiye kamasewera kako kakudziitana kokha. Sintha dzina la fayilo likhale losera.py, zitheka. Upewenso email.py, csv.py, turtle.py, string.py ndi test.py. Kutcha mafayilo ako m'Chichewa kuli ndi phindu limeneli: palibe module ya Python yotchedwa losera. Ukakayika, kuyambira 3.10 pali sys.stdlib_module_names, mndandanda wa mayina onse omwe ali ndi eni kale. Python 3.13 imachita kukuuza yokha kuti fayilo yako ikufanana dzina ndi module ya m'nkhokwe, ndi kuti uisinthe.

Vuto lakoli limawagwiranso akuluakulu, koma chakumbuyo. Iwo akafuna kuwonjezera module yatsopano amaopa kulanda dzina lomwe anthu akugwiritsa kale ntchito. Pomwe ankaika chowerengera mafayilo a TOML mu 3.11, mu 2022, dzina lachidule la toml linali kale ndi mwini wake pa PyPI, nkhokwe ya pa intaneti komwe anthu amaikako ma module awo, ndipo mapulogalamu ambiri ankaliitana. Anaitcha tomllib. Ukaona ka lib kumapeto, monga pathlib kapena graphlib, kamathandizanso pamenepa: anthu wamba satcha mafayilo awo motero.

FUNSO: Achimwene, ndili ndi katsamba ka pa intaneti komwe makasitomala amalembetserapo katundu wotumiza kumudzi. Kakhala kakuyenda zaka zambiri osavuta. Sabata yatha a kampani yosunga tsambali anakweza Python kufika pa 3.13, ndipo fomu yafa. Akuti No module named 'cgi'. Dzina latsopano la cgi ndi chiyani? Bambo wa ku Johannesburg

YANKHO: Achimwene, pepani, iyi sinasinthe dzina. Inachotsedwa. Python 3.13, ya mu Okutobala 2024, inachotsa ma module 19 m'nkhokwe potsatira PEP 594 ya Christian Heimes ndi Brett Cannon. Pagululo pali cgi, cgitb, telnetlib, crypt, imghdr, nntplib, pipes ndi audioop. Chaka cham'mbuyo mwake, 3.12 inali itachotsa kale distutils, imp, asyncore, asynchat ndi smtpd. Chifukwa chomwe anapereka n'chomveka: ambiri mwa osamalira Python ndi ongodzipereka, ndipo ma module amenewa anali okalamba, opanda wowayang'anira, pomwe kunja kuli zida zabwino kuposa iwo. Pa ichi sindiwatsutsa kwenikweni. Kusintha dzina pofuna kukongoletsa ndi nkhani ina, kutula katundu amene palibe akumusamala ndi nkhani inanso.

Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, koma cha ku Python chimaimba. Lamulo lawo, PEP 387, limati chinthu chisachotsedwe chisanachenjeze kwa ma version awiri osachepera, ndipo poti masiku ano Python yatsopano imatuluka Okutobala aliyense, zimenezo ndi zaka ziwiri. Module ya cgi inayamba kuchenjeza mu 3.11. Vuto n'lakuti ng'omayo imalira chapansipansi. Chenjezo la DeprecationWarning limaoneka lokha ngati mzere wolakwawo uli m'fayilo yomwe mwayendetsa mwachindunji. Ukakhala m'fayilo ina yomwe yangoitanidwa, Python imalibisa. Ndipo pa seva, ngakhale lituluke, limakagwera m'fayilo ya log yomwe ambirife timaitsegula pokhapokha zinthu zitavuta.

Kuti makasitomala asadikire, pali njira ziwiri zachangu. Yoyamba, funsani a kampaniwo ngati angakubwezereni pa 3.12, yomwe ikhala ikulandira zigamba za chitetezo mpaka Okutobala 2028. Yachiwiri, lembani pip install legacy-cgi. Imeneyi ndi cgi yomwe ija, anthu ena anaitola n'kuiika pa PyPI, ndipo import cgi yanu iyendanso osasintha mzere ndi umodzi womwe. Dziwani chabe kuti tsopano ili m'manja mwa anthu apadera, osati osamalira Python.

Mukapeza mpweya, ikonzeni zenizeni. Ngati fomu yanu imangolandira dzina, nambala ya foni ndi kulemera kwa katundu, parse_qs ya mu urllib.parse ikukwanirani. Ngati makasitomala amatumizanso zithunzi za katunduyo, musalimbane nazo nokha, samukirani ku Flask kapena Django, zida zomangira masamba a pa intaneti. Ndipo pomwe mukuonetsa pa tsamba zomwe munthu walemba, muzidutsitsa mu html.escape.

Chomaliza, pemphani a kampaniwo kuti azikudziwitsani asanakweze Python. Uthengawo ukafika, tengani pulogalamu yanu pa laputopu, muiyendetse ndi python -X dev, mudzaze fomu ngati kasitomala, muwerenge chilichonse chomwe chatuluka. Machenjezo obisika aja aonekera pamenepo, ndipo ambiri amatchula ndi version yomwe chinthucho chidzachotsedwe. Ine ndimachita zimenezi Novembala aliyense, Lachiwiri m'mawa magetsi alipo, ndipo chaka chatha ndinapeza mizere itatu m'pulogalamu yomwe ndinkalumbira kuti ndi yoyera.